Ma voice note abodza a AI: lamulo libwere, koma sikelo ikhale imodzi

Amai ndi atate a ku Soweto, City Market, Mtendere, Chisokone, Kapata ndi misika yonse,

Kale munthu akati "ndamva ndi makutu anga", nkhani inali kutha. Manje makutu anamizika. Munthu atenga mau a mtsogoleri pa rally, awaika mu AI, ndipo kompyuta ikamba zilizonse zimene iye afuna ndi mau omwewo. Ngakhale milomo pa vidiyo aiyendetsa.

Zinachitika kale. Ku Slovakia mu September 2023, kutatsala masiku awiri kuvota, kunamveka audio yabodza ya mtsogoleri wotsutsa, Michal Šimečka, monga akambirana zogula mavoti. Ina inali kuti adzakweza mtengo wa mowa. Kuno kwathu mu 2023 kunayenda vidiyo yabodza ya a Hichilema, ati sadzaimanso mu 2026. Bodza ili silisankha chipani.

Ganizani voice note itagwa mu gulu lanu la chilimba usiku wa pa 12 August 2026, mawa lake kuvota: mau a kandideti, ati akawina adzaphwanya ma stand ndi kukweza levy. Mukazadziwa kuti sanakambe, voti yapita kale, ndipo muyembekeza zaka 5.

Choncho lamulo tilifuna. Koma inu mudziwa kuti sikelo yopimira wachibale mwina, mlendo mwina, ni ya kawalala. Mu April 2025 boma linasaina Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, ndipo a Law Association of Zambia anadandaula kuti malamulowa angapanikize ufulu wa kulankhula. Sitifuna "AI" ikhale dzina latsopano lomangira aliyense wodandaula mtengo wa unga kapena malodi shedingi.

Tipempha zinthu zisanu.

1. Chithunzi, vidiyo kapena audio ya kampeni yopangidwa ndi AI ilembedwe poyera kuti ni ya AI. Chipani cholamula, ife otsutsa, tonse chimodzimodzi.

2. Bodza lichotsedwe mwamsanga. Ku India mu May 2024, bungwe la masankho linauza zipani kuchotsa zabodza zotere pasanathe maola 3 zitadziwitsidwa. A ECZ angaike zotere mu Electoral Code of Conduct.

3. Woweruza akhale ECZ ndi khoti, poyera, mbali zonse zitamvedwa. Osati apolisi kugogoda pakhomo usiku.

4. Chilango chigwere wopanga bodza ndi wamulipira. Amai ogulitsa kapenta amene atumiza chabe osadziwa, auzidwe, asamangidwe. Nthabwala ndi katuni zoonekeratu kuti ni zoseka zisakhale mlandu.

5. Intaneti isatsekedwe. Pa 12 August 2021, tsiku lovota, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa mpaka nkhani inafika ku High Court. Imwe muoda matimati ndi salaula pa foni, makasitomala akufunani pa WhatsApp. Akatseka, malonda aima, ndipo wonamiziridwa asowa poyankhira.

Lamulo lisanabwere, mlonda ndimwe. Voice note ikakukwiyitsani kwambiri, yambani mwaima. Funsani: anakambira kuti? Liti? Pa wailesi yamveka? Pa peji yake yeniyeni ilipo? Ngati yankho ni "anditumira chabe", isapitirire pa foni yanu, olo ikhale yonyoza munthu amene simumufuna.

Ife a youth, ngati muona peji ino yaika za AI popanda kulemba, tidzudzuleni pompano mu ma comment. Ndipo kandideti aliyense akabwera ku maketi kupempha voti, mufunseni pamaso pa anthu: kodi mudzasaina kuti simudzagwiritsa ntchito mau abodza?

Mlembi wa Achinyamata