Chenjezo kwa amayi a ku Dwangwa: fisi wa masiku ano akulowera pa foni

Amayi a ku Matiki, a ku Nkhunga, a kugombe ku Ngala, ndi inu asungwana ogulitsa tomato ndi usipa pamsika wa Dwangwa, tulani kaye katundu mumve. M'mafoni mwathu mwalowa chiphunzitso cholonjeza kudzutsa "mphamvu yaumulungu ya mkazi" yomwe ati inagona tulo m'thupi mwanu. Chikuyenda ndi dzina lakuti Tantra. Musanatumize ngakhale K500, musanavule ngakhale duku pamaso pa aliyense wodzitcha mphunzitsi wa zimenezi, werengani nkhaniyi mpaka pansi, mukatero mukafotokozere mnzanu amene sadziwa kuwerenga.

Ine ndinakumana nacho m'saluni ina m'mbali mwa msewu wa M5, Loweruka la malipiro, magalimoto a nzimbe akudutsa motsatana, fumbi lili koboo. Mng'ono wanga, mwana wa mayi aang'ono, wakhala pabanja zaka zisanu osaona mphatso, ndipo apongozi ake anayamba kale kumuyimbira nthabwala za nkhuku yosaikira. Anandisendezera foni uku akulukidwa tsitsi.

"Achemwali, taonani izi. Mwina thandizo langa lagona apa."

Pakanemapo panali mayi wovala zoyera, makandulo ali mbali zonse, akuyankhula Chingerezi chofatsa ngati akugoneka mwana. Ati chiberekero chimasunga mabala a moyo wonse. Ati kusabereka, kuthawidwa ndi mwamuna, ndalama zosakhalitsa m'manja, zonsezi n'chifukwa chakuti mphamvu ya mkazi yamangika. Pansi pa kanemayo panali polowera gulu la WhatsApp, ndipo m'gulumo wolamula anali mwamuna. Phunziro loyamba linali laulere, ndipo kunena zoona linalibe choipa: kukhala pansi, kutsinzina, kupuma mozama. Lachiwiri linafuna ndalama pa Mpamba. Pa lachitatu anapempha chithunzi cha pamimba, ati aone pamene pamangika. Lachinayi sanalilembe pagulu. Anamutumizira kumbali: akakumane pa malo ogona alendo, abwere yekha, asadye nyama masiku atatu.

"Nanga alamu wawauza?" ndinafunsa.

"Ati ndikangoulula, mphamvu ithawa."

Ndalama ya phunziro lachiwiri anali atakongola ku banki m'khonde.

Ndisapake matope chipembedzo cha eni. Tantra yeniyeni ilipo, ndipo ndi yakale. Inamera ku India, mabuku ake anayamba kulembedwa zaka zoposa 1,300 zapitazo, ndipo inalowa m'Chihindu ndi m'Chibuda chomwe. Ambiri mwa otsatira ake amakhulupirira kuti mphamvu yoyendetsa chilengedwe chonse ndi yaikazi. Amaitcha Shakti, ndipo amati ngakhale mulungu wamkulu Shiva sangagwedeze chala popanda iyeyo. Ku Guwahati, m'chigawo cha Assam, paphiri la Nilachal, kuli kachisi wa Kamakhya. M'kati mwenimweni mulibe fano lokhala ndi nkhope. Muli thanthwe long'ambika lonyowa ndi kasupe, limene amalilambira monga khomo lotulukira moyo. Chaka chilichonse mu June kachisiyo amamutseka masiku atatu, ati mulungu wamkaziyo ali kumwezi, ndipo akatsegula pamagwa chinamtindi cha anthu. Taganizani, chimene ife timanong'onezana kuseri kwa nyumba, kumeneko n'chikondwerero! Koma ntchito yaikulu ya Tantra ndi kubwereza mawu opatulika, kusinkhasinkha, kujambula zizindikiro ndi kupereka nsembe, zaka ndi zaka, pansi pa mphunzitsi amene amadziwika yemwe anamuphunzitsa. Miyambo ya kugonana inalipo m'magulu ena, sitikana, koma inali kachigawo kakang'ono ka nkhani yaikulu.

Kachigawo kameneko ndi kamene azungu anatola n'kuthamanga nako. Mkulu wina wa ku America, Pierre Bernard, anayambitsa gulu lake la Tantra kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo pofika 1910 anali atamangidwapo kale ku New York atsikana awiri atamudandaulira, ngakhale mlanduwo unathera m'malere. M'ma 1970, Rajneesh, amene pambuyo pake anadzitcha Osho, anakopa azungu miyandamiyanda ku Pune ndi chiphunzitso chakuti kugonana ndi njira yofikira kuunika kwa mzimu. Chimene chikutifika lero pa TikTok ndi pa Facebook ndi chidzukulu cha zimenezo. Ufa unatsala ku India, ife akutigulitsa madeya.

Ndipo madeyawo apweteka anthu. Pa 28 November 2023 apolisi a ku France anagwira Gregorian Bivolaru, mbadwa ya ku Romania, mtsogoleri wa gulu la yoga ndi Tantra lotchedwa MISA. Tsiku limenelo anamanga anthu 41, natulutsa amayi 26 m'nyumba zothinana zimene ankasungidwamo. Amayi amene anachoka m'gululi amafotokoza msewu umodzi: maphunziro a yoga osalakwa, kenako zithunzi ndi makanema ali buno bwamuswe, kenako ulendo wachinsinsi wa ku Paris, kulandidwa foni ndi pasipoti, mapeto ake kugona ndi mtsogoleriyo m'dzina la mwambo wopatulika. Otsatira ake amakana zonsezi, koma khoti lalikulu la kwawo ku Romania linali litamugamula kale mu 2013 kuti akakhale kundende zaka 6 chifukwa chogona ndi mtsikana wosakwana zaka 18. Mu 2018 amayi 14 anauza nyuzipepala ya The Guardian za nkhanza zonga zomwezi pasukulu ya Agama Yoga, pachilumba cha Koh Phangan ku Thailand. Ambiri mwa amayi okodwa mu misampha yotereyi ndi ophunzira, oyenda pa ndege ndi ndalama zawozawo. Ndiye wina asaseke mng'ono wanga kuti n'kutsalira kwa akumudzi.

Kodi nkhaniyi n'yachilendo kwa ife? Ayi ndithu, fisi timamudziwa. Tikudziwa kulowa kufa, tikudziwa kusasa fumbi. Tikudziwa sing'anga amene amati mankhwala a mimba sagwira ntchito pokhapokha awalowetse yekha, ndi mneneri amene amapeza "mwamuna wauzimu" mwa mayi aliyense wooneka bwino, mapemphero ake n'kukhala a usiku, kuchipinda, akazi a abusa atapita kumudzi. Mu July 2016 Eric Aniva wa ku Nsanje anauza BBC mosaphethira kuti wagona ndi amayi ndi atsikana oposa 100 monga fisi wolipidwa, ali ndi kachilombo ka HIV. Pulezidenti Peter Mutharika analamula kuti amangidwe, ndipo mu November chaka chomwecho anagamulidwa zaka ziwiri. Bodza la onsewa n'limodzi: vuto lili m'thupi mwako, mankhwala ali m'thupi mwanga, ndipo usauze munthu. Chasintha n'chakuti fisi wakale ankabwera mumdima, akuluakulu a mudzi akudziwa. Watsopanoyu amabwera dzuwa lili pamutu, ndi Chingerezi ndi makandulo, ndipo amatsala ndi zithunzi zako. Tsiku limene udzakane, n'zithunzi zomwezo adzakuopsezere.

Dwangwa ndi dambo la msipu kwa anthu otere. Chiyambireni fakitale ya shuga kugaya nzimbe mu 1979, dera lino lakhala la anthu obwera, ochokera kumwera, kumpoto ndi kuzambwe komwe. Mayi wambiri kuno ali kutali ndi amalume ndi azakhali ake amene akanamufunsa kuti iwe, munthu ameneyu kwawo n'kuti? Ndalama imabwera ndi nyengo yodula nzimbe, n'kupita ndi mvula. Madzi osefukira a February 2024 anasiya anthu zikwizikwi padzuwa, ndipo wotaya nyumba ndi mbewu usiku umodzi sachedwa kukhulupirira kuti pali chimene chamumanga.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti akutigulitsa chinthu chimene makolo athu anali nacho m'nyumba. Ku Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama, kunali Makewana, mayi wa ana onse, wa mfunda wa Banda, amene ankayankhulira Chisumphi ndi kupempherera mvula dziko lonse la Achewa. Tsitsi lake silinkametedwa, kuopa kumeta mvula. Mafumu ankatumiza nsembe kwa iye. Ku Mankhamba, ufumu wa Kalonga unkadutsira mwa mayi wotchedwa Nyangu. Ku Khulubvi, kumwera, m'kachisi wa Mbona munkakhala mkazi wake, Salima. Ngakhale lero mbumba timaiwerenga kuchokera kubere la mayi. Sindikuti zonse za ku Msinja zinali zoyera mbee. Olemba mbiri amanena kuti nakonso kunali mwambo wa kugonana pakati pa Makewana ndi mwamuna wotchedwa Kamundi potseka chinamwali, ndipo miyambo ina ya makolo ndi yomwe inatibalira afisi. Koma taonani kumene ulemu unkalowera. Anthu ankayenda mitunda ndi mitunda, mphatso zili pamutu, kukagwada pamaso pa mayiyo. Lero mayi ndiye akukongola ndalama, kukwera kabaza yekhayekha, kukagwadira mwamuna wosadziwika kwawo kuti amugawireko ukazi umene anabadwa nawo kale.

Palinso malonda amene amayenda ndi chiphunzitsochi: kukhalira nthunzi ya madzi owira a zitsamba, timiyala tosema ngati dzira, timipira ta zitsamba tomanga ndi ulusi toti tigone m'njira yoberekera masiku angapo. Ku America, kampani ya Goop ya Gwyneth Paltrow inalipira madola 145,000 mu 2018 chifukwa cholonjeza za timazira tamiyala toteroti zimene sinkatha kuzitsimikiza. Nthunzi imawaula khungu lofewa, zitsamba zimatupitsa ndi kusiya tizilonda, ndipo tizilonda ndiwo makomo a HIV. Choopsa koposa n'kuchedwa. Dziko lathu lili pakati pa mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero yafala kwambiri padziko lonse: amayi oposa 4,000 amapezeka nayo chaka chilichonse, ndipo pafupifupi 3,000 imawatenga. Mukataya magazi mutakhala malo amodzi ndi bambo, mukaona chikazi chonunkha kapena m'chinena mukupweteka osaleka, wina asakuuzeni kuti ndi "zoipa zikutuluka, mphamvu ikutseguka". Thamangani kuchipatala akakuyezeni khomo la chiberekero. Amapaka viniga n'kuyang'ana, ntchito ya mphindi zochepa, ndipo kuzipatala za boma salipiritsa. Ana anu aakazi abayitseni katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019.

Za kusabereka nazo zili ndi zifukwa zooneka. Matenda opatsirana pogonana osachizidwa bwino amatseka njira za mazira. Likodzo, limene ife a m'mbali mwa nyanja ndi m'ngalande za nzimbe timaliyesa nthenda ya ana osambira, limafikanso kuziwalo zoberekera za mayi. Ndipo kawirikawiri vuto limakhala kwa bambo, chinthu chimene apongozi safuna kuchimva ndipo mphunzitsi wa pa WhatsApp sangachitchule, chifukwa bambo alibe naye ntchito.

Kupuma mozama ndi kukhala chete m'mawa palibe akukuletsani, ndipo sikufuna Mpamba. Koma munthu akangofika pa ndalama, pa chithunzi, pa "bwera wekha", tulukani m'gulumo osatsazika. Musanatuluke, jambulani mauthenga ake onse ndi nambala imene munatumizira ndalama. Akakulonjezani ulendo wa kunja kukaphunzira kapena kukagwira ntchito pamalo awo, kumbukirani alongo athu amene anakazunzika ku Oman atakopedwa pa Facebook pomwepa. Lamulo loletsa kuzembetsa anthu la 2015 linakhazikitsidwa chifukwa cha zoterezi.

Ngati zachitika kale, mverani bwino. Mlandu si wanu. Lamulo la milandu la dziko lino limati ngakhale mkazi atavomera, ngati anavomera ponamizidwa za chimene chikuchitikacho, kumeneko n'kugwiririra. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013, lomwe linamanga Aniva, limaletsa miyambo yovulaza, kaya ndi ya makolo kaya ya chipembedzo. Pitani kuchipatala pasanathe maola 72 mukalandire PEP, mankhwala oteteza ku HIV, pamodzi ndi oletsa mimba mwadzidzidzi. Maola amenewa sadikira manyazi athe. Pitaninso ku Victim Support Unit kupolisi ya Nkhunga, kapena imbani 5600, nambala yaulere ya nkhanza. Ngati wolakwiridwa ndi mwana, imbani 116. Mafumu a kwa Kanyenda, abusa, mashehe, anamkungwi, ndi inu eni malo ogona alendo amene mumaona yemwe walowa ndi yemwe watuluka akulira: khoswe akakhala pamkhate sapheka, tikudziwa, koma ameneyu musamuikire kumbuyo chifukwa chakuti amavala bwino kapena amatchula Mulungu.

Mng'ono wanga anatuluka m'gulu lija tsiku lomwelo, tsitsi lisanathe kulukidwa. Chithunzi anali asanatumize. Mwamunayo anaimba kanayi usiku umenewo, kenako analemba kuti wadzitemberera yekha, chiberekero chake chauma. Mng'ono wangayo analira, sindinama. Ngongole ya ku banki m'khonde akubwezabe sabata ndi sabata kuchokera pa mandasi. Chimene chinatitengera nthawi yaitali ndi kunyengerera alamu kuti nawonso akayezedwe. Avomera. Lolemba m'mawa tikukwera minibasi ya ku Nkhotakota, atatu.