China ndi M'bale Wathu, Koma Kodi Tingamufunse?

China ndi dziko lachiwiri pa chuma padziko lonse, komabe pamisonkhano imadzitcha dziko longotukuka kumene. Dzinali limaithandiza: ku Africa imafika ngati m'bale amene anavutikapo ngati ife, osati ngati mtsamunda.

Zipatso za ubalewu tinaziona. Malawi atasiya Taiwan mu Disembala 2007, China inamanga Nyumba ya Malamulo ndi bwalo la Bingu ku Lilongwe, msewu wa Karonga–Chitipa ndiponso yunivesite ya MUST ku Thyolo. Zina zinali mphatso, zina ngongole. China sifunsa mmene boma lathu likulamulira, koma imayembekeza kuti nafenso tisaifunse zake.

Izi zinaonekera ku Geneva mu 2022. Ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inanena kuti zimene Asilamu a mtundu wa Uyghur akuchitiridwa ku Xinjiang zikhoza kukhala milandu yaikulu yolakwira anthu. China inakana. Mu Okutobala, mayiko anavota ngati nkhaniyo ikambidwe: 17 anavomera, 19 anakana. Mwa okanawo munali Pakistan, Indonesia ndi Qatar. Malawi sanavotere mbali iliyonse.

Sitikunena kuti tikane misewu ndi sukulu. Koma tiwafunse aphungu athu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota kuti ngongole ya ku China yafika pati, tibweza liti, ndipo voti yathu ku United Nations imatsata mfundo ziti. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ngati China ndi m'baledi, funso lathu lokhudza abale athu a ku Xinjiang silingathetse ubale.