Wokonza Magemu wa kwa Maganga Akutiposa Ife a Madigiri

Tchuthi chapitachi ndinali kwathu kwa Maganga, ku Salima. Msuweni wanga ali ndi kachisakasa pafupi ndi doko, momwe muli ma PlayStation 2 awiri ndi tebulo limodzi la pulu. Asodzi akamadikira kulowa m'madzi madzulo, amataya nthawi mmenemo, ndipo ndalama zake ndi zomwe zimalipira fizi ya alongo ake awiri. Tsiku lina makina amodzi analeka kuwerenga ma CD. Ine, mwana wa ku yunivesite, ndinangoti, "Achimwene, chinthuchi chakalamba, gulani china." Iye anandiyang'ana ngati ndamutukwana, n'kutuma mwana kukaitana bambo wina wokonza mawailesi.

Bamboyo atafika sanathamangire kumasula. Anayamba watembenuza makinawo n'kuwerenga nambala yoyamba ndi SCPH yomwe ili kumbuyo. Anandiuza kuti nambalayo ndiyo imakudziwitsa mtundu wa makinawo komanso dziko lomwe anawapangira. Ikathera ndi 1, ndi a ku America, ndipo ngati ali aakulu aja, amafuna magetsi a mavoti 120. Athu kuno ndi 230. Ukangowalumikiza kukhoma popanda thiransifoma, umva fungo la kupserera, basi zathera pomwepo. Kenako anatsegula, n'kuchotsa mchenga ndi fumbi zomwe zinatsekereza fani, n'kupukuta kagalasi kowerengera CD ndi thonje lonyowetsa ndi sipiriti. Theka la ola lisanathe, anyamata anali atayambiranso kumenya mpira. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga," anatero akutolera zida zake.

Ndinachita manyazi, ndipo kuyambira tsikulo ndakhala ndikudzifunsa: n'chifukwa chiyani ife ophunzira timanyoza luso lokonza zinthu?

Kumayiko olemera anthu akusunga makina akale a masewera ngati chuma. Pac-Man, yomwe kampani ya Namco inatulutsa mu 1980, ndi Space Invaders ya Taito ya mu 1978, zikuseweredwabe m'mabokosi ake akale chifukwa pali anthu odziwa kusintha makapasita otupa ndi kuwotcherera mawaya oduka. Ku Las Vegas kuli nyumba yotchedwa Pinball Hall of Fame, yodzaza ndi makina a pinball, aja omenya kampira kachitsulo ndi timapiko tiwiri, ndipo alendo amaponya ndalama n'kusewera. Kumeneko wokonza makinawa amatchedwa katswiri. Kuno munthu wogwira ntchito yofananayo timamutcha "wa mawailesi", ndipo timanenerera mtengo mpaka kumusiya wopanda ya sopo.

Koma ntchito ya wa kuno ndiyo yovuta kwambiri. PlayStation 2 inatuluka mu 2000, ndipo Sony inasiya kuipanga zaka zoposa 10 zapitazo. Bamboyu alibe sitolo yogulako zipangizo zatsopano. Amachotsa chiwalo pa makina akufa n'kuika pa amoyo. Akulimbana ndi chinyezi cha kunyanja chomwe chimachititsa dzimbiri, mchenga wolowa paliponse, ndi magetsi omwe akazima amabwerera mwamphamvu. Amadziwa kuti TV yachimbuyo ija imasunga magetsi oopsa mkati ngakhale utaizula kukhoma, choncho salola mwana kuyandikira akaitsegula. Ndi iye yemwe anandiphunzitsa kuti pa matebulo ambiri a pulu oponya ndalama, mpira woyera ndi wocheperako kuposa inzake, n'chifukwa chake ukalowa m'dzenje umadutsa njira yakeyake n'kutuluka, pomwe inayo imatsekeredwa mkati. Mwini tebulo akagula woyera wa saizi yolakwika, amadabwa ukukanirira mkati, n'kumati tebulo lawonongeka.

Wina anganene kuti ndikutamanda umphawi, kuti masewera masiku ano ali pa foni, ndipo kukakamira zinthu zakale n'kulola dziko lathu kukhala dzala la mayiko ena. Pamenepo pali choonadi: zina zomwe zimabwera m'makontena n'zinyalala zenizeni. Koma amene angasiyanitse chinyalala ndi chinthu chokonzeka ndi yemweyo wodziwa kutsegula. Wosadziwa amagula chakufa n'kutaya chamoyo. Ndipo pamene ndalama zakunja zikusowa chonchi, chinthu chilichonse chokonzedwa ndi dola yomwe sinatuluke m'dziko. Luso lopima magetsi mu PlayStation ndi lomwelo lofunika pa invetala ya sola, pa furiji ya kuchipatala, ndi pa pampu ya madzi.

Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti bamboyu ndi wachikulire, ndipo zonse zomwe akudziwa zili m'mutu mwake. Palibe analembapo. Ife amene timadziwa kulemba, kujambula ndi kufufuza pa intaneti tili kalikiliki kukonza ma CV. TEVETA ilipo, Salima Technical College ili pakhomo pomwepa, koma ambiri a ife timaona ngati kumeneko n'kwa omwe sanakhoze bwino MSCE.

Anzanga, tchuthi chikubwerachi pezani wokonza zinthu wa m'dera lanu, mukhale pambali pake. Mugulireni waya wowotcherera, mufunseni mafunso, mulembe zomwe akukuuzani, ndipo mumulipire zoyenera. Ine ndayamba kale: ndagula multimeter, ndipo bambo aja andilola kumawagwirira tochi.