Ulendo woyamba wa panjinga usakhale wa thumba lathunthu

Alimi anzanga a kuno kwa Kawinga, pali chizolowezi china chimene ndikufuna kuti tichiunike bwino. Mnyamata akangodziwa kupalasa njinga kuchoka pakhomo kukafika kuchigayo osagwa, ife akuluakulu timati basi wakhwima. M'mawa mwake timamumangira thumba pakaliyala ndi kumuuza kuti akagulitse ku Liwonde kapena ku Balaka kumene tamva kuti mtengo uli bwino. Ine ndikuti uku ndi kulakwa, ndipo ndikunena motsimikiza chifukwa wolakwayo ndinakhalapo ine ndemwe.

Chinali chaka chimene mpunga unatichitira bwino kudambo. Mavenda anafika pamudzi ndi masikelo awo, koma mtengo umene ankatchula unali wonyoza thukuta la munthu. Ndinasunga matumba anga mpaka mwezi wa Okutobala, ndipo nditamva kuti ku Balaka akugula mokwererapo, mtima unayamba kuthamanga. Bondo langa linali likuvuta, tsono ndinaitana mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa mphamvu zake, katswiri wa mpira pamudzi pathu. Ndinamufunsa ngati angakafike. Iye anaseka nati, "Amalume, ku Balaka ndi pafupi apa." Anali asanapalasepo kupitirira pa Nsanama. Ine ndinkadziwa zimenezo, koma yankho lake linandikomera chifukwa ndi lomwe ndinkafuna kumva.

Tinamumangira thumba la makilogalamu 50, ndipo pamwamba pake mayi ake anaonjezapo kathumba ka nandolo poti munthu sapita kutauni kawiri. Ananyamuka dzuwa litakwera kale, atamwa tiyi yekha. Pampu sanatenge popeza inali kwa mnansi. Zimene zinachitika ndinazimva patapita masiku awiri, atatsika pamatola njinga ili pamwamba pa katundu wa anthu. Pamtsetse wolowera kuchigwa cha Shire mabuleki anakana kugwira, ndiye anatsika nayenda pansi akulimbana ndi njinga yomwe inkafuna kumusiya. Atawoloka pa Liwonde, tayala lakumbuyo linaphwa. Anakankha mpaka anapeza womata, nalipira ndi nandolo uja. Pa Balaka anafika kukuda, msika utabalalika, mutu ukuwawa ngati wamenyedwa. Anagona pa nyumba ya alendo, ndipo m'mawa anagulitsa kwa munthu woyamba amene anamulankhula, pakuti nkhope yake inkaonetseratu kuti thumbalo sangabwerere nalo. Titachotsera malo ogona, chakudya, womata ndi matola, ndalama yotsala inachepa kuposa imene mavenda aja ankandipatsa pakhonde panga.

Ndalamayo sindiyidandaula kwambiri. Chimene chinandipweteka ndi chakuti mnyamata uja anatha zaka osafunanso kumva za ulendo wautali wa panjinga, ndipo banja lathu linabwerera m'manja mwa wogula aliyense wofika pakhomo.

Tiyeni tiuwerenge mseuwu monga momwe ulili. Kuchokera pa Ntaja kukafika pa Liwonde ndi makilomita opitirira 40. Kuchoka pa Liwonde kukafika pa Balaka ndi ena pafupifupi 30. Pamenepo sitinawerenge msewu wafumbi wochokera kumudzi kukafika patala, womwe kwa anzathu a kufupi ndi nyanja ya Chiuta ndi ulendo pawokha. Kuno kwathu ndi kokwererapo, pamene Liwonde ali pansi m'chigwa, pomwe pali damu la Kamuzu Barrage lomwe linamangidwa mu 1965. Choncho wopita amatsika kaye, kenako akawoloka Shire amayamba kukwera pang'onopang'ono kulowera ku Balaka, miyendo itatopa kale. Pobwerera, mtsetse uja umene unamusangalatsa kapena kumuopsa dzulo wasanduka chitunda. Munthu amene amangopalasa pamudzi zonsezi sazidziwa. Iye amayeza ulendo ndi nthawi imene minibasi imatenga.

Chinanso chimene sadziwa ndi chakuti njinga yolemedwa ndi nyama ina. Thumba likakhala pakaliyala, kulemera konse kumapita kumbuyo, tayala lakutsogolo limapepuka, ndipo mahandulo amayamba kunjenjemera m'manja. Galimoto yaikulu ikadutsa pafupi, mphepo yake imakankha thumbalo, njinga n'kutsatira. Mabuleki a njinga zathu zakale, kaya ndi Humber, Raleigh kapena Phoenix, ndi timphira tiwiri tofinya limu yachitsulo. Timphira timeneto tikhoza kuimitsa mnyamata wopanda katundu pabwalo la sukulu ngakhale titaperepeseka, koma pamtsetse wautali ndi thumba lathunthu sitingathe. Tayala losakhuta mpweya nalo ndi msampha: likagunda m'mphepete mwa dzenje, limu imatsina chubu ndi kuchiboola pawiri. Sipoko imodzi ikaduka chifukwa cha kulemera, zinzake zimatsatira, tayala n'kupindika. Izi wodziwa amazimva ndi khutu njinga ikuyenda, ndipo amatsika zisanafike poipa. Woyamba kumene amangomva njinga yalemera, iye n'kumaonjezera mphamvu.

Thupi nalo lili ndi malamulo ake, ndipo apa ndi pamene anyamata amphamvu amanamizika. Pa ulendo wautali sichiyamba kugonja ndi ntchafu ayi. Amayamba ndi matako pachishalo, kenako m'khosi, kenako m'mimba. Njala ya panjinga sigogoda: munthu amangoona miyendo yafewa, maso achita mdima, ndipo apo ndiye kuti wachedwa kale kudya. Wozolowera amadya asanamve njala ndipo amamwa asanamve ludzu, pang'onopang'ono njira yonse. Mbatata yophika, chinangwa, nthochi, mtedza wokazinga ndi chigubu cha thobwa, zonsezi zili pakhomo pathu ndipo sizifuna ndalama. Kutentha kwa chigwa cha Shire mu Okutobala ndi Novembala si kwa masewera. Mutu ukayamba kuwawa, chizungulire chikabwera, kapena miyendo ikayamba kukokana, munthu atsike, akhale pamthunzi, amwe madzi. Thukuta limachotsa mchere m'thupi, tsono paketi ya Thanzi ORS m'thumba la malaya ndi yothandiza. Ikasowa, mu lita imodzi ya madzi abwino muike masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere, monga amatiphunzitsira a zaumoyo pa matenda otsekula m'mimba. Ndipo poti ambiri kuno ndi Asilamu, ndionjezepo kuti mwezi wa Ramadhani si nthawi yoyesera mwana ulendo wake woyamba. Miyezi ina ilipo.

Ndikudziwa chimene ena mukunena pamene mukuwerenga izi pakhonde la golosale. Mukuti, ife anatiphunzitsa ndani? Tinangokwera n'kumapita, ndipo tili moyo. Ine ndikuti mwaiwala. Kumbukirani anthu a matemba ochokera kunyanja ya Chilwa, amene akhala akunyamula madengu akuluakulu panjinga kupita m'misika yakutali, kupatula zaka zimene nyanjayo inauma monga 1995 ndi 2018. Kodi munawaonapo akuyenda mmodzimmodzi? Amayenda mondondozana, wamkulu patsogolo, wachilendo pakati. Pampu ndi imodzi koma ndi ya onse. Wamkulu akatsika pachitunda onse amatsika, ndipo palibe amene amati kukankha njinga ndi manyazi. Amadziwa pali mjigo, pali mtengo wa mthunzi, pali womata wosabera anthu. Inunso munaphunzira chomwecho, kumbuyo kwa munthu wina. Lero poti zaka zapita, mwangotsala ndi kukumbukira mphamvu zanu zokha, dzina la amene anakudikirani pachitunda mwalitaya.

Ng'ombe yokoka ngolo sitiimangira katundu tsiku loyamba. Timayamba ndi goli lokha, kenako chipika, ndipo timaiphatikiza ndi inzake yozolowera. N'zodabwitsa kuti nzeru imene timaigwiritsa ntchito pa ng'ombe timaimana mwana wathu.

Ena akuti nkhaniyi ndi yachikale popeza masiku ano kuli njinga zamoto za kabaza ndi magalimoto a matola paliponse. Zoona zilipo, ndipo wodwala kapena wa changu azikwera. Koma mlimi wa matumba awiri kapena atatu awerengere bwino. Matola amalipiritsa munthu payekha, thumba palokha, kupita ndi kubwera, ndipo mtengo wa mafuta ukakwera amakweza tsiku lomwelo. Kusiyana kwa mtengo wa pakhomo ndi wa kumsika, kumene kuli phindu lonse la ulendowo, kumathera m'manja mwa kondakitala. Njinga yakapalasa simwa petulo. Kale ADMARC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971, ndiyo inkagula mbewu zathu pa mtengo umodzi wolengezedwa ndi boma, ndipo mlimi ankangofuna kufika pa msika wake wapafupi. Chiyambire 1987 pamene amalonda wamba analoledwa kugula mbewu kwa alimi ang'onoang'ono, mtengo umasiyana malo ndi malo, ndipo amene angathe kusuntha mbewu yake ndiye ali ndi pakamwa. Venda akadziwa kuti pakhomo pano pali njinga yabwino ndi munthu wotha kukafika nayo ku Liwonde, amalankhula mwaulemu. Ndiye chifukwa chake ndikuti kuononga ulendo woyamba wa mwana ndi kuononga chida cha banja lonse.

Sindikunena kuti ulendo uliwonse wa ku Balaka ndi waphindu. Nthawi zambiri msika wa pa Ntaja kapena pa Nsanama ndi wokwanira, ndipo munthu amabwerako dzuwa lisanapendeke. Lero pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi foni. Imbirani wachibale wa ku Liwonde kapena ku Balaka akuuzeni mtengo wa tsikulo, osati wa sabata yatha umene munamva pamaliro. Ine mtengo umene unandithamangitsa uja ndinaumva kwa munthu amene naye anachita kumva.

Tsono maganizo anga ndi awa. Ulendo woyamba usakhale wa malonda. Ukhale wa kuphunzira msewu, m'miyezi yozizira ya Juni kapena Julaye, katundu wake akhale ndowa imodzi basi kapena osanyamula kanthu, ndipo polekezera pakhale pa Liwonde. Ku Balaka adzapita ulendo wachitatu. Atsagane ndi munthu wozolowera, ndipo wozolowerayo ayende pa liwiro la wophunzirayo, osati kumuonetsa ukatswiri. Anyamuke kukungocha, pamene msewu ukuoneka koma dzuwa lisanapse, kuti nthawi ya masana iwapeze atakhala pansi. Milungu iwiri kapena itatu ulendowo usanafike, mwanayo azipalasa maulendo apafupi ndi theka la thumba kuti matako ndi manja zizolowere. Ndipo asanyamuke asanachotsepo yekha tayala lakumbuyo, kupeza pobooka m'beseni la madzi, kupala, kupaka guluu, kudikira kuti uume, kumata ndi kubwezera. Aphunzire izi pansi pa mtengo wa mango kwawo, osati m'mbali mwa msewu magalimoto akumuwaza fumbi. Pampu, sipanala, zigamba, guluu ndi malamba a chubu chakale omangira katundu zikhale za njingayo, osati zobwereka.

Za pamsewu sindichulutsa. Tiyende kumanzere, mondondozana osati mogundana mapewa tikucheza. Lole ikamalira kumbuyo pamalo opapatiza, kutsikira kudothi si mantha. Malaya owala ndi galasi lonyezimira kumbuyo kwa njinga ndi zotchipa kuposa bokosi. Mdima ukapeza munthu panjira agone kwa abale, asalimbane nawo. Ndalama za malonda, ngati n'kotheka, aziike mufoni asananyamuke pamsika.

Makalabu athu a alimi amakumana kukambirana za feteleza ndi ngongole, koma sindinamvepo kalabu ikupatula tsiku loti achikulire odziwa msewu aperekeze achinyamata. Silifuna thandizo la bungwe lililonse tsiku lotere, kapena alawansi. Ndipo likakonzedwa, atsikana asatsale. Amayi ndi atsikana ndiwo amawerama m'madzi kuwokera mpunga, ndiwo amaingitsa mbalame, ndiwo amapeta. Koma ndalama imafika pakhomo m'thumba la amene anakwera njinga, ndipo tonse tikudziwa kuti nthawi zina imafika itaonda. Mtsikana amene amapalasa tsiku ndi tsiku kupita kusekondale yoyendera ali kale ndi miyendo ya ulendowu kuposa mnyamata wongokhala pa bawo.

Mwana wa mlongo wanga uja tsopano ndi bambo wa ana atatu, ndipo tinakhululukirana kalekale, ngakhale pakakhala anthu sachedwa kuikamba nkhaniyi kuti andiseke. Mwana wake woyamba, mtsikana, wapempha kuti chaka chino akaone mlatho wa pa Liwonde ndi njinga. Bambo ake anabwera kudzandifunsa ngati ndikuvomereza. Ndinati apite mu Juni, iyeyo akhale kumbuyo kwake njira yonse, ndipo pakaliyala pasakhale china koma chigubu cha thobwa ndi mbatata. Timphira ta mabuleki ndagula ndine.