Mwana wosakhazikika: kodi n'kusafuna kapena n'kulephera?

Aliyense amene waphunzitsapo m'madrasa a m'boma la Karonga akumudziwa mwana amene tikufuna kukamba za iye lero. Anzake akamakhala pamkeka n'kutsegula Juzu Amma, iye amakhala ataimirira kale kawiri. Amwalimu asanatsirize funso iye wayankha, ndipo wayankha zosiyana ndi zimene afunsidwa. Surah imene analoweza dzulo lero yauluka, kofia anaiiwala kunyanja, pensulo inatayika m'mawa. Akadzudzulidwa amazyolika n'kulonjeza ndi mtima wonse kuti sadzachitanso, koma pasanapite nthawi wayambanso kugwedeza miyendo ndi kusokoneza mnzake. Tinam'patsa mayina ambiri: nkhutukumve, wamphulupulu, wopanda adabu. Koma mankhwala amene timam'patsa ndi awiri okha. Timayamba ndi chikwapu, ndipo chikwapu chikakanika timanong'onezana kuti mwanayo ali ndi majini.

Tsamba lino likunena kuti pakati pa ana otere pali ena amene akukana kumvera, ndipo pali ena amene akufunitsitsa kumvera koma akulephera. Kulanga magulu awiriwa ndi ndodo imodzi ndi kupanda chilungamo, ndipo amene akuchita kupanda chilungamoko ndife aphunzitsi ndi makolo, anthu amene ana anaikizidwa m'manja mwathu ngati amana.

Madokotala ali ndi dzina la vuto la gulu lachiwirili. Amalitcha ADHD, ndipo ndi vuto la kakulidwe ka ubongo limene limachititsa kuti mwana azivutika kusunga maganizo pa chinthu chimodzi, azitakataka mopitirira msinkhu wake, ndiponso azichita zinthu mwaphuma asanaganize. Si nkhani yatsopano. M'chaka cha 1902 dokotala wa ana wa ku London, George Still, anafotokoza za ana anzeru bwinobwino amene ankalephera kudziletsa, ndipo iyenso poyamba anaona ngati chimene chinkasowa mwa anawo chinali mphamvu yodzigwira pa khalidwe. Kafukufuku wa zaka zotsatira ndi amene anaonetsa kuti gwero lake lili m'kagwiridwe ntchito ka ubongo, ndi kuti kawirikawiri vutoli limayenda m'magazi a kumtundu. Kubadwa masiku asanakwane, kubadwa ndi sikelo yotsika, komanso fodya ndi mowa pa nthawi ya pakati zimawonjezera chiopsezo. Akatswiri amati padziko lonse pafupifupi ana asanu mwa ana 100 aliwonse ali nalo. Choncho m'kalasi ya ana 100, imene si yachilendo m'sukulu zathu chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, mukhoza kukhala ana angapo otere amene palibe akuwazindikira.

Nanga tingawasiyanitse bwanji ndi mwana wamwano chabe? Palibe kuyeza magazi kapena kujambula kumene kungatiuze. Madokotala amadalira mbiri ya mwanayo, ndipo mafunso amene amafunsa ndi oti kholo ndi mphunzitsi aliyense akhoza kuyamba kudzifunsa yekha.

Amafunsa kuti khalidweli limaoneka kuti. Mwana wa ADHD amakhala yemweyo kunyumba, kusukulu, kumadrasa, ngakhale pamasewero amene iye mwini amawakonda, pamene anzake amam'thamangitsa chifukwa sayembekeza nthawi yake. Malamulo oyezera vutoli amafuna kuti zizindikiro zioneke m'malo awiri kapena kuposerapo. Koma mwana amene ali wodekha pamaso pa bambo ake ndi kusukulu, n'kumavuta kwa mwalimu mmodzi yekha, vuto lake tilifune pakati pa iye ndi mwalimuyo. Amafunsanso kuti linayamba liti. Zizindikiro za ADHD zimayamba mwana asanakwanitse zaka 12 ndipo ziyenera kukhala zitatha miyezi isanu ndi umodzi. Nthawi zambiri mayi amakumbukira kuti mwanayo chiyambire kuyenda sanakhalepo pansi. Mwana amene anali wofatsa n'kusintha mwadzidzidzi bambo ake atamwalira, makolo atasiyana, kapena madzi a mtsinje wa North Rukuru atalowa m'nyumba usiku, ameneyo akulankhula chisoni kapena mantha ake kudzera m'zochita. Anthu a ku Karonga amene anagona panja zivomerezi za mu Disembala 2009 zitagwetsa nyumba safunika kuuzidwa zimene mantha amachita mumtima wa mwana.

Funso limene ife taliona kuti n'lothandiza kwambiri ndi lakuti: kodi mwanayo akalakwa, amapindulapo chiyani? Wamwano amasankha. Amadziwa lamulo, amayang'ana ngati wina akumuona, amakana, amanama mokonzekera, mwina amabwezera. Wa ADHD amalakwa poyera popanda phindu lililonse, amataya ngakhale zinthu zake zimene amazikonda, ndipo akagwidwa amadabwa limodzi ndi ife. Mukam'tuma kukagula mchere, sopo ndi machesi, abwera ndi machesi okha, ndalama zotsala zili m'manja. Wakuba sabweza chenji.

Tisabise kuti malire amenewa si owongoka nthawi zonse. Ana ambiri a ADHD pambuyo pake amakhalanso ndi mwano weniweni, ndipo madokotala amadziwa kuti mavuto awiriwa amapezeka pamodzi kawirikawiri. Chifukwa china n'chosavuta kuchiona. Mwana amene wamva kuti ndi woipa tsiku ndi tsiku kuyambira ali ndi zaka zisanu, akamafika Sitandade 6 amakhala atavomereza dzinalo. Ibn Khaldun, katswiri wa mbiri amene anamwalira ku Cairo mu 1406, analemba m'buku lake la Muqaddimah kuti nkhanza kwa ophunzira zimawawononga, zimawachotsa chidwi ndi kuwaphunzitsa bodza ndi chinyengo pothawa chilango. Zimene iye anaona zaka 600 zapitazo timaziona kumsika wa Karonga, pa anyamata amene anathawa sukulu ndi madrasa pamodzi.

Palinso mtundu wina wa vutoli umene sitiuona chifukwa susokosa. Ndi mwana amene amakhala phee, maso ali pabolodi koma maganizo ali kutali, wochedwa kutsiriza ntchito, woiwalaiwala. Ambiri mwa ana otere ndi atsikana. Sakwapulidwa kwambiri, amangotchedwa ogona, n'kuikidwa kumbuyo, ndipo akasiya sukulu palibe amene amafunsa.

Komabe, tisanathamangire kutchula dzina lachingerezili pa mwana aliyense wotakataka, pali zinthu za kwathu kuno zoti tiyambe tachotsa panjira. Mwana wa ku Karonga amadzuka m'mawa kupita kusukulu, mwina osadya, n'kufika kumadrasa masana dzuwa la m'mbali mwa nyanja litafika pamutu. Wa ku Ngara kapena ku Chilumba mwina wachezera kudikira asodzi a usipa. Wa ku Hara, Wovwe kapena Lufilya mwina walawira kukaingitsa mbalame mumpunga. Njala, tulo tosakwana, kuchepa kwa magazi ndi likodzo zimabera mwana chidwi mofanana ndi ADHD. Ndiye pali nkhani ya chiyankhulo. Mwana amene kunyumba amayankhula Chinkhonde kapena Chitumbuka, kusukulu akumva Chichewa ndi Chingerezi, kumadrasa akuwerenga Chiarabu chomasuliridwa m'chiyankhulo cha amwalimu amene mwina anachokera ku Mangochi, akatayirira sitinganene msanga kuti ubongo wake uli ndi vuto. Munthu wamkulu yemwe, mutam'khazika maola awiri pa ulaliki wa m'chiyankhulo chimene sakuchimva, angayambe kuwerenga malata a denga.

Mlembi wa ndemanga ino ali ndi mlandu wake pa nkhaniyi. Zaka zambiri zapitazo anali ndi wophunzira amene ankangoyang'ana uku ndi uku, wosayankha akaitanidwa, wowerenga mokuwa mosemphana ndi anzake. Anam'langa kwa miyezi. Tsiku lina agogo ake a mwanayo anatchula mongodutsa kuti makutu a mdzukulu wawo akhala akutuluka mafinya kuyambira ali wakhanda. Mwanayo sankamva bwino, basi. Ankayang'ana uku ndi uku pofuna kuona pamilomo ya anzake chimene chinkanenedwa. Funso limodzi lokha kwa agogowo likanapulumutsa mwanayo ku zikwapu zonsezo, ndipo mphunzitsi wake sanalifunse. Allah atikhululukire.

Chinanso chofunika kuchifunsa kuno kwathu ndi malungo. Kafukufuku amene anachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wotsogoleredwa ndi Gretchen Birbeck ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2010, anatsatira ana amene anachira malungo a muubongo, ndipo anapeza kuti ena mwa iwo pambuyo pake anayamba khunyu, ena analumala mwanjira zosiyanasiyana, ndipo ena anasintha khalidwe n'kukhala aukali ndi osagwirika. M'boma lotentha la m'mbali mwa nyanja ngati lathu, mphunzitsi ayenera kufunsa ngati mwana wovutayo anakomokapo ndi malungo ali wamng'ono. Khunyu nalo lili ndi mtundu umene sugwetsa munthu pansi: mwana amangoti tong'o kwa kamphindi, osamva kanthu, kenaka n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Ana otere ndi amene kawirikawiri amabweretsedwa kwa mashehe kuti ali ndi majini, pamene mankhwala a khunyu akanawathandiza.

Apa tilankhule ndi mashehe anzathu mosapita m'mbali. Kholo likabwera ndi mwana kuti timuwerengere, kum'pemphera duwa ndi ntchito yabwino ndipo palibe amene akuiletsa. Koma chiphunzitso chathu chomwecho chimatilamula kufunafuna mankhwala, ndipo kusunga banja miyezi ndi miyezi pa mapemphero okha, mwina n'kumalandirapo ndalama, pamene mwana akufunika kupimidwa makutu kapena kuyezedwa khunyu, ndi kudya amana. Shehe amene akuti "ndakupemphererani, tsopano pitani kuchipatala" sanachepetse chikhulupiriro cha munthu. Tikumbukirenso kuti m'malamulo a Chisilamu mwana amene sanathe msinkhu sawerengeredwa machimo, ndipo Allah salemetsa munthu ndi chimene sangathe. Anas bin Malik anatumikira Mtumiki Muhammad (SAW) zaka khumi kuyambira ali mwana, ndipo umboni wake ndi wakuti sanakalipiridwepo. Sitikhulupirira kuti m'zaka khumi zonsezo mwanayo sanaiwalepo kanthu.

Ena adzati tikufuna kulekerera ana, kuti mawa aliyense wamphulupulu adzabisala kumbuyo kwa matenda. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo kuongola mtengo m'poyamba. Adabu iyenera kuphunzitsidwa kwa mwana aliyense, wa ADHD yemwe. Iyeyu ndiye amafunika malamulo omveka kuposa anzake. Chimene chimasintha ndi kaphunzitsidwe. M'khazikeni kutsogolo, kutali ndi zenera ndi khomo. Mutchuleni dzina, akuyang'aneni, kenaka m'patseni lamulo limodzi, osati atatu. Mugawireni surah m'zidutswa za ayah ziwiri kapena zitatu, akalakatula apume. M'malo molimbana naye kuti asaimirire, m'tumeni akafufute bolodi, akagawe mabuku, akayale mikeka ya swala. Akachita bwino muyamikireni pompo, chifukwa mphoto ya kumapeto kwa teremu kwa iye ili kutali ngati mwezi. Akalakwira dala chilango chikhalepo, chachifupi, chodziwika kale, ndi chosam'nyazitsa pagulu. Njira zimenezi sizifuna ndalama, ndipo madokotala amalangiza kuti kwa ana aang'ono kwambiri kuphunzitsa makolo kaleredwe kotere ndiko kuyambe mankhwala asanaganiziridwe. Ubwino wake ndi wakuti zimathandizanso mwana wamwano uja, kotero mphunzitsi sataya kanthu pozigwiritsa ntchito asanadziwe kuti mwanayo ali m'gulu liti.

Mankhwala a ADHD alipo, monga methylphenidate, ndipo amathandiza ana ambiri, koma ndi amphamvu ndi oyenera kulembedwa ndi dokotala amene wamuona mwanayo ndipo azimutsatira. Kholo lisagule mapiritsi "okhazika mtima pansi" pamsika kapena kutsidya kwa Songwe chifukwa chomva kwa mnansi, ndipo mphunzitsi asauze kholo kuti mwana wanu ali ndi ADHD ngati kuti iye ndi dokotala. Ntchito yathu ndi kuona ndi kulemba zimene taona.

Njira yake ndi iyi. Kholo, mphunzitsi wa kusukulu ndi amwalimu a kumadrasa akhale pansi pamodzi, pakuti aliyense wa iwo amaona mbali imodzi yokha ya mwanayo. Kwa milungu ingapo alembe kuti vutoli likuoneka nthawi yanji, pamalo pati, ndiponso chimene chimachitika lisanayambe. Kenaka kholo litenge zolembazo, pamodzi ndi buku la kusikelo la mwanayo, kupita nazo kuchipatala chaching'ono chapafupi kapena kuchipatala cha boma cha Karonga, n'kupempha kuti apimidwe makutu, maso ndi magazi, ndiponso kuti aonedwe ndi ogwira ntchito za umoyo wa m'maganizo. Pakafunika thandizo lopitirira apo, ku Mzuzu kuli a St John of God amene amagwira ntchito imeneyi komanso amathandiza ana a mavuto a kakulidwe. Ndi chipatala cha Akatolika, ndipo Msilamu asachite nacho manyazi. Matenda safunsa chipembedzo. Ulendo wake ndi wa makilomita oposa 200, ndipo kwa banja la msodzi ndalama ya minibasi yopita ndi kubwera anthu awiri si yochepa. Makomiti a mizikiti amene amasonkha za maliro ndi za futari angathenso kusonkhera ulendo wotere.

Dziko lathu limaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera ku koleji ya Montfort m'boma la Chiradzulu, ndipo nzeru zawo zimafika m'sukulu za boma. Amwalimu a m'madrasa ambiri sanamvepo phunziro ngakhale limodzi pa nkhaniyi, chikhalirecho amakhala ndi ana omwewo masana aliwonse. Tikupempha bungwe la Muslim Association of Malawi pamodzi ndi makomiti a madrasa a ku Karonga kuti pa maphunziro otsatira a amwalimu apatule tsiku limodzi, aitane namwino wa za umoyo wa m'maganizo ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera wa m'bomali, ndipo mwalimu aliyense abwere atalemba, mosatchula dzina, za mwana mmodzi amene wakhala akum'langa kwambiri chaka chino.