Sitima ya pa nyanja ya mchere ndi msika wa wogulitsa mmodzi

Lachiwiri lapitali ndinalowa mumsika wa Limbe kukafuna nsapato za pa kaunjika, koma pamulu wa nsapatopo sindinafikepo. Azakhali anga, amene amagulitsa mabulangete ndi mapoto a ku Joni, anandigwira pamkono n'kundikhazika pakatoni kuseri kwa benchi lawo.

"Iwe mwana wa achimwene, paja unakwerako chisitima cha ku Durban chija eti? Taona izi."

Pafoni pawo panali chithunzi cha chisitima choyera mbee, dziwe losambira lili pamwamba, anthu atagona pamipando atavala magalasi akuda. Pansi pake mtengo wolembedwa ndi zilembo zofiira. Nkhani ndi yoti amayi asanu ndi atatu a gulu lawo la banki mkhonde apangana kuti akagawana ndalama kumapeto a chaka, ulendo uno za malata ndi feteleza ziyambe zaima, iwo akapitidwe mphepo pa nyanja ya mchere ngati mabwana.

Ine sindikutsutsa ayi. Munthu amene amadzuka 4 koloko m'mawa, n'kumalimbana ndi fumbi, matope ndi a tikiti za msika chaka chathunthu, ali ndi ufulu wodyerera thukuta lake. Kupuma sikunalembedwe dzina la azungu okha. Chimene chinandidetsa nkhawa ndi mtengo wofiira uja, chifukwa inenso unandipusitsapo. Ndiye zimene ndinawauza azakhali pakatoni paja ndati ndikuuzeninso nonse, poti ndikudziwa kuti chithunzi chomwecho chikuzungulira m'mafoni a ku Ndirande, ku Tsoka, ku Mzuzu konse.

Ine ndinakwera mu February 2024. Msuweni wanga wowotcherera zitsulo ku Durban anagula matikiti awiri, mkazi wake n'kudwala, mwayi n'kugwera ine. Unali ulendo wa mausiku atatu: kunyamuka ku Durban, kukafika pa kachilumba kotchedwa Portuguese Island, kufupi ndi Inhaca pakamwa pa gombe la Maputo ku Mozambique, n'kubwerera. Maulendo amenewa amachitika nyengo ya dzinja, kuyambira cha mu November mpaka cha mu April. Miyezi inayo sitimazo zimakhala zili kwina.

Choyamba, sitimayo siidzakutengani pa Wenela. Muyenera kudzifikitsa nokha ku Durban. Ambiri a inu njira mukuidziwa kuposa ine: Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mpaka Park Station ku Johannesburg, miyendo itatupa. Kuchoka apo patsalanso makilomita oposa 550 kuti muone nyanja. Ndipo sitima si minibasi yoti kondakitala amenya chitseko dalaivala n'kuima. Mukachedwa pa Beitbridge chifukwa cha mzere, mudzaipeza itapita, ndipo ndalama ya tikiti musayembekezere kuti ibwerera. Konzani zoti mufike ku Durban dzulo lake, ndiye kuti pali ndalama ya malo ogona imene pachithunzi chija palibe. Onaninso pasipoti yanu. Ikhale yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa isanathe, ndipo muwerengere bwino masiku amene akudindirani polowa m'South Africa, asakuthereni muli pamadzi.

Tsopano mtengo wofiira uja. Inu a geni mukudziwa mtengo woitanira. Mumakuwa kuti "bulangete motchipa!" kuti kasitomala aime, akaima n'kupeza kuti lotchipalo ndi lopyapyala, lenileni lili ndi mtengo wake. Eni sitima nawo ndi mavenda anzanu, kungoti avala mataye. Mtengo umene amalemba ndi wa munthu mmodzi pamene mwagona awiri m'chipinda, ndipo chipindacho ndi cham'kati, chopanda zenera. Mukafuna kugona nokha mulipira pafupifupi kawiri. Mukafuna zenera, onjezani. Mukafuna kakhonde koonera madzi, onjezaninso. Kenako pamabwera msonkho wa padoko, inshuwalansi, ndi ndalama ina imene amadula tsiku lililonse kwa munthu aliyense, ati yothokozera ogwira ntchito. Makampani ena amaziphatikiza kale mu mtengo, ena ayi. Musanapereke ngakhale tambala, funsani funso limene mumafunsa kwa amwenye mukamaoda: "Zonse pamodzi, ndituluke ndi katundu pakhomo, ndi zingati?" Ndipo yankholo alembe papepala.

Chipinda chathu chinali chopanda zenera chomwecho. Ukazimitsa getsi ndi mdima wa ndiweyani, sudziwa ngati kwacha. Tsiku loyamba ndinadzuka 11 koloko ndikuyesa 5 koloko. Koma chinali chaukhondo, madzi otentha osatha, magetsi osazima ngakhale kamodzi, zomwe kwa ife a kuno ndi holide kale payokha.

Chakudya ndiye ndisaname, n'chambiri ndipo chili mu tikiti. Pali malo odzigawira wekha, otsegula pafupifupi tsiku lonse: nkhuku, nsomba, mpunga, mazira, zipatso, makeke. Tsiku loyamba ndinadzaza mbale ngati ndili pa ukwati wa eni, kuopa kuti zitha. Sizitha. Nsima yokha ndiye musaiyembekezere monga ya kwanu, pofika tsiku lachitatu msuweni wanga ankalota mgaiwa ndi usipa.

Pamene amakudyerani ndi pa chakumwa. Madzi akumwa, tiyi ndi khofi wa pamalo odyera aja ndi zaulere, koma Fanta, mowa, ngakhale madzi a m'botolo, zonse n'zogula. Ndipo simungalowe ndi zanu, zikwama amaziunika pamakina polowa, botolo la mowa amalanda n'kukusungirani mpaka tsiku lotsika. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti sitima ija ndi msika wa wogulitsa mmodzi. Ku Limbe kasitomala akadandaula mtengo amangosuntha mapazi atatu n'kugula kwa mnzanu. Pa nyanja usunthira kuti? Kumanja madzi, kumanzere madzi. Wogulitsa Fanta ndi yemweyo, wojambula zithunzi ndi yemweyo, wa intaneti ndi yemweyo, ngakhale dokotala ndi wa yemweyo, ndipo kukamuona n'kolipira. Kunenerera kulibe, basela kulibe.

Chochenjera china n'chakuti m'sitimamo simugwira ndalama. Polowa amakupatsani khadi yokhala ndi dzina lanu. Khadi yomweyo ndi kiyi wa chipinda, ndi chiphaso chotulukira ndi kulowera, ndiponso ndi chikwama chanu. Mumaikamo ndalama poyamba kapena kuilumikiza ku khadi ya ku banki, basi n'kumangogunditsa pamakina. Inu mukudziwa kupweteka kwa kutulutsa K5,000 pa mpango, dzanja limayamba lanjenjemera. Kugunditsa khadi sikupweteka. Komanso mitengo m'sitima imene ndinakwera inali m'madola a ku America, osati marandi. Ukaona 4 kapena 5 pamtengo wa chakumwa, mutu umati n'zotchipa. Kumbukirani kuti mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo dola kuipeza kubanki mukudziwa nokha mmene zimakhalira. Usiku womaliza analowetsa pepala la ngongole pansi pa chitseko. Msuweni wanga analiwerenga ataimirira, kenako anakhala pansi n'kuliwerenganso. Tinali titagula zithunzi zitatu zimene anatijambula polowa, zakumwa zingapo, ndiponso iye anakayesa mwayi pamakina a njuga "kamodzi kokha". Marandi amene ndinasunga kuti ndikaode timafoni tiwiri todzagulitsa kuno anathera pomwepo. Mlandu sindikuupereka kwa eni sitima, mitengo inalembedwa poyera. Ife ndi amene sitinawonkhetse.

Ndiye langizo langa kwa azakhali linali loti m'khadimo aikemo ndalama yokhayo imene alolera kuti ipite, ya m'manja, osalumikiza khadi ya ku banki kumene kuli mpamba. Ikatha yatha. Ndipo madzulo aliwonse aziona ngongole yawo monga amawerengera zogulitsa akamatseka benchi. Foni nayo muitseke data sitima ikangochoka padoko. Pakati pa nyanja imagwira netiweki ya setilaiti, ndipo mayunitsi a mwezi wathunthu atha kupita musanamalize kutumiza chithunzi kwa apongozi.

Azakhali anafunsa ngati angatengeko zitenje zingapo kuti akagulitse kwa azungu m'sitimamo, ulendo udzilipirire wokha. Ndinaseka koma ndinawamvetsa, magazi a geni sagona. Yankho ndi loti ayi, malonda a munthu wamba saloledwa. Ndanena kale, wogulitsa ndi mmodzi.

Za mafunde. Amene munakwerapo Ilala nthawi ya mwera pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma mukudziwa mmene m'mimba mumatembenukira. Sitima za ku Durban ndi zazikulu kutalitali kuposa Ilala, sizidumpha chotero, koma zimapendama pang'onopang'ono osaleka, ndipo nyanja ya kumeneko siidziwika ndi ulemu. Usiku woyamba ndinayenda m'khonde ngati ndalawa kachasu ndisanamwe kanthu. Ngati mumachita nseru m'basi, pemphani chipinda cha pakati pa sitima ndiponso cha m'munsi, chifukwa kutsogolo ndi pamwamba ndi kumene kumagwedezeka kwambiri. Mapilitsi a nseru mugule ku famase ku Durban ndipo mumwe sitima isananyamuke, osati mutayamba kale kusanza. Zikavuta tulukani panja, muyang'ane kutali kumene madzi akumana ndi thambo. Kudzitsekera m'chipinda chopanda zenera kumangowonjezera. Muzisambanso m'manja pafupipafupi, anthu zikwi akudyera malo amodzi, matenda otsegula m'mimba akalowa amayenda ngati moto wa pa kaunjika. Amayi oyembekezera afunsiretu, makampani ambiri salola amene mimba yafika masabata 24.

Pa Portuguese Island palibe doko. Sitima imaima patali, anthu n'kumatsikira m'mabwato ang'onoang'ono. Ife tinachita mwayi, kunja kunali bata, tinatsika, tinadya nyama yootcha pamchenga woyera ngati ufa. Koma mphepo ikakula kaputeni amangolengeza kuti lero palibe kutsika, ndipo zinalembedwa kale mu timalemba ting'onoting'ono ta pa tikiti kuti atha kutero. Munthu utha kupita ku Mozambique n'kubwerako osapondako.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinawagwira nacho dzanja azakhali kuti amve bwino. Sitima isananyamuke amaliza belu, kasanu ndi kawiri mofupikitsa kenako kamodzi motalika, n'kuuza aliyense kuti apite pamalo ake osonkhanira pakagwa ngozi, aonenso kavalidwe ka jekete yoyandamitsa. Anthu ambiri amanyinyirika, ena ali ndi mbale m'manja. Inu pitani, ndipo muloweze njira yochokera kuchipinda chanu kukafika pamalopo, muwerenge ndi masitepe omwe, ngati kuti mudzayenda mumdima.

Si zoopseza ayi. Pa 4 August 1991 sitima yotchedwa Oceanos, imene inachoka ku East London kulowera ku Durban komweko, inamira kufupi ndi Coffee Bay itayamba kulowa madzi usiku kuli namondwe. Kaputeni wake, Yiannis Avranas, anachoka m'sitimamo anthu ambiri akadali momwemo. Amene anatsala n'kumaika anthu pamzere, kuwakweza m'mabwato ndi kuwamangirira ku zingwe za ndege za helikopita anali osangalatsa alendo, mmodzi mwa iwo woimba gitala, Moss Hills. Anthu onse 571 anapulumuka. Ku Italy sizinathe bwino chotero. Pa 13 January 2012 Costa Concordia inagunda mwala kufupi ndi chilumba cha Giglio ndipo anthu 32 anafa. Mazana a anthu amene anakwera tsiku lomwelo anali asanaphunzitsidwe kothawira, ndipo kaputeni Francesco Schettino, amene nayenso anatsogola kutsika, anagamulidwa zaka 16 kundende. Ngozi imeneyi ndi imene inachititsa kuti lamulo lisinthe, kuyambira 2015 phunziro lija lizichitika sitima isananyamuke kapena ikangonyamuka kumene. Ngozi zotere n'zosowa, msewu wa Tete ndi umene uyenera kukuopsani kwambiri. Koma mphindi makumi awiri zimenezo musazigulitse ndi mbale ya chipisi.

Ndipo musanafike konseko, samalani ndi amene akukugulitsani tikitiyo. Nditafunsa azakhali kuti chithunzi chija anawatumizira ndani, anati "mnyamata wina wa pa WhatsApp, amati tingotumiza theka pafoni atisungire malo". Ofesi yake ili kuti? Sakudziwa. Anamuonapo? Ayi. Amayi asanu ndi atatu, ndalama za chaka chathunthu, kwa munthu amene nkhope yake ndi chithunzi cha sitima! Tikiti yeniyeni imabwera ndi nambala ya buking'i, dzina lanu monga lilili mu pasipoti, dzina la sitima, tsiku ndi nambala ya chipinda, ndipo nambalayo mutha kuitsimikiza ku kampani ya sitimayo. Pitani ku ofesi ya zamaulendo yokhala ndi chitseko, imene mungabwererekonso mawa mukakwiya, ndipo mutenge lisiti.

Tinatenga katoni ya sopo n'kuwonkhetsa kuseri kwake ndi bolopeni: basi ya ku Joni kupita ndi kubwera, basi ya ku Durban, malo ogona, tikiti ndi misonkho yake, ndalama ya m'khadi, kuphatikizapo masiku khumi amene benchi likhale m'manja mwa mwana wa mlongo wawo amene amabweza chenje mopitirira. Zinafika pafupifupi katatu mtengo wofiira uja. Azakhali anayang'ana katoniyo nthawi yaitali, kenako anaing'amba bwinobwino mbali yolembayo n'kuipinda m'chikwama.

"Ndikawaonetse anzanga Loweruka. Mwina tipite chaka chamawa titasonkha mokwanira, ulendo womwewo tikaodenso katundu ku Joni pobwera. Koma kupita kokha tipita, wamva?"

Mnyamata wa pa WhatsApp uja anali ataimba kale kawiri tikuwonkhetsa. Sanamuyankhe. Nsapato zanga zija ndinakapeza atagula ena.