Bajeti ya khonsolo ya 2026: CDF yakula, koma adzacotsa zinyalala ndani?

Pa 26 Seputembala 2025, Nduna ya Zacuma a Situmbeko Musokotwane anawelenga bajeti ya dziko ya caka ca 2026 m'Nyumba ya Malamulo. Ambili tinamvela pa wailesi, ndipo mfundo imene inatsala pakamwa pa anthu ndi yakuti thumba la citukuko ca m'madela a aphungu, lija timati CDF, lakwela kufika pa K40 miliyoni pa dela lililonse. Koma abale ndi alongo, pali bajeti ina imene siwelengedwa pa wailesi ngakhale kuti ndiyo ili pafupi ndi khomo lathu. Imeneyi ndi bajeti ya khonsolo.

Miyezi yotsiliza ya caka ndiyo nthawi imene makhonsolo onse 116 m'dziko muno amalemba ndalama zimene akuyembekeza kupeza ndi mmene adzazigwilitsila nchito kuyambila mu Januwale. Akuluakulu a maofesi ndiwo amalemba, makhansala amakambilana ndi kuvomeleza, ndipo pomaliza Nduna ya Maboma Aang'ono ndi Citukuko ca Kumidzi imasaina. M'mapepala amenewo ndimo muli yankho ngati ngalande ya m'komboni mwanu idzatsegulidwa mvula isanafike, ngati cimbudzi ca pamsika cidzakhala ndi madzi, ndiponso ngati msonkho wa nyumba yanu kapena wa kantemba kanu udzakwela.

Ndalama za khonsolo zimacoka kuti?

Bajeti ya khonsolo ili ndi matumba atatu aakulu, ndipo munthu wosawasiyanitsa sacedwa kunamizidwa ndi ciwelengelo cacikulu ca pamapeto.

Thumba loyamba ndi ndalama zimene khonsolo imatolela yokha: msonkho wa nyumba ndi mapoloti, malaisensi a mabizinesi, ndalama za m'misika ndi m'masiteshoni a mabasi, za zikwangwani za malonda, za mapulani a nyumba, ndi msonkho wa munthu wapanchito umene supitilila K15 pa caka. Thumba ili ndilo khonsolo ili nalo ufulu wonse, komanso ndilo lofooka. Kufooka kwake kuli ndi mbili. Mu 1996 boma linagulitsa nyumba za makhonsolo kwa anthu amene anali kukhalamo, ndipo lendi inathela pomwepo. Pambuyo pa lamulo la madzi la 1997, nchito ya madzi inapita ku makampani a madzi. Malaisensi a magalimoto nawonso anacoka m'manja mwa makhonsolo. Njila zopezela ndalama zinacepa, koma anthu m'matauni anapitiliza kuculuka.

Thumba laciwili ndi ndalama zimene boma lalikulu limatumiza kuti makhonsolo osauka asatsalile, zochedwa Local Government Equalisation Fund. Lamulo la 2019 linati gawo losacepela 20 pelesenti la ndalama zimenezi lipite ku zomanga ndi kugula zipangizo zokhalitsa. M'makhonsolo ambili a kumidzi, kumene malo oculuka ali m'manja mwa mafumu ndipo nyumba zolipila msonkho n'zocepa, zotsalazo zimathela ku malipilo a anchito. Pambali pa izi palinso ndalama za nchito zimene boma layamba kutula ku makhonsolo, monga zaumoyo za m'boma ndi za ziweto. Zimenezi zimabwela zitalembedwa kale nchito yake.

Thumba lacitatu ndi CDF. Mu 2021 dela lililonse la phungu linali kulandila K1.6 miliyoni. Mu 2022 zinalumpha kufika pa K25.7 miliyoni, mu 2023 K28.3 miliyoni, mu 2024 K30.6 miliyoni, mu 2025 K36.1 miliyoni, ndipo mu 2026 K40 miliyoni. Uku n'kukula kowilikiza ka 25 m'zaka zisanu cabe. Tikawelengela madela 156 amene analipo mu 2025, ndalama zonse zimaposa K6 biliyoni. Malangizo a 2022 anagawa thumbali motele: 5 pelesenti yoyendetsela nchito, ndipo pa zotsalazo 60 pelesenti ya zitukuko za m'madela, 20 pelesenti yotukulila acinyamata ndi amayi, ndi 20 pelesenti ya mabasale a ana a m'sukulu zogonela komweko ndi ophunzila nchito zamanja.

Walila mvula walila matope

Palibe angakane kuti CDF yasintha zinthu. Kuyambila pamene maphunzilo aulele anayamba mu Januwale 2022, ana anadzaza makalasi, ndipo madesiki ndi zipinda zambili zophunzililamo zagulidwa ndi kumangidwa ndi thumba limeneli. Kwamangidwa zipinda zocililamo amayi, milatho ing'onoing'ono ndi mijigo. Makhonsolo ena agula magileda ndi mathilaki a zinyalala.

Vuto lagona apa: CDF kwakukulu ndi ndalama yomangila ndi kugulila, si ndalama yosamalila zimene zamangidwazo caka ndi caka. Thilaki ya zinyalala ikagulidwa lelo, mawa ifuna dizilo, matayala, dalaivala ndi makanika. Msika watsopano ufuna magetsi, madzi, mlonda ndi wosesa. Mjigo ukathyoka ufuna wokonza. Zambili mwa izi zimagwela thumba loyamba lija, limene silinakule mofanana ndi CDF. Akulu anati walila mvula walila matope. Khonsolo imene ikumanga zambili popanda kuonjezela ndalama zokonzetsela ikudziunjikila matope a zaka zikubwelazi.

Conco pamene mwatsegula bajeti, musayambe ndi mndandanda wa zitukuko zatsopano. Yambani ndi mzele wa zokonza ndi kusamalila, ndipo muuyelekeze ndi wa caka catha. Ngati nyumba ndi makina zikuculuka koma mzele umenewu uli pomwepo, dziwani kuti pakapita zaka zitatu gileda ija idzakhala itakhala pamiyala kuseli kwa ofesi.

Ndalama ya papepala ndi ndalama ya m'manja

Cinthu caciwili cofunika kuyang'ana ndi kusiyana kwa ndalama imene khonsolo ikuti idzatolela ndi imene inatoleladi caka catha. Bajeti iyenela kulingana mbali zonse ziwili, ndipo njila yosavuta yoilinganizila ndi kukweza ciyembekezo ca msonkho papepala.

Tinene mwacitsanzo kuti khonsolo yalemba kuti idzatolela K50 miliyoni, koma caka catha inatolela K30 miliyoni. Ngati palibe casintha pa katoleledwe, K20 miliyoni ija kulibe. Caka cikafika pakati, khonsolo iyenela kudula kwinakwake. Malipilo sangadulidwe, ndalama zolipila okhala pamisonkhano kawilikawili sizikhudzidwa, conco codulidwa ndi dizilo wa thilaki ya zinyalala, mankhwala opopela udzudzu ndi kutsegula ngalande. Bajeti inaoneka yabwino mu Disembala, koma wovutika mu Febuluwale ndi mayi wa m'komboni amene madzi alowa m'nyumba mwake.

Funso lina ndi la msonkho wa nyumba. Lamulo la 2018 la msonkhowu limafuna kuti kaundula wa mitengo ya nyumba azikonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Kaundula akakalamba, nyumba zikuluzikulu zatsopano sizilipila kanthu cifukwa sizinalembedwe, pamene eni nyumba akale ndiwo amasenza katundu yense. Khonsolo isanakweze msonkho wa amene akulipila kale, ionetse kuti yalemba onse oyenela kulipila, ndi kuti yatsata ngongole za makampani ndi maofesi a boma amene sanalipile.

M'misika ndi m'masiteshoni namonso muli nkhani. Zisankho za 2021 zitatha, boma linalamula kuti makada a zipani acoke m'malo amenewa ndi kuti ndalama zizitoledwa ndi makhonsolo.  Wamalonda amene amalipila tsiku ndi tsiku ali ndi ufulu wofunsa kuti msika wake unasonkhetsa zingati, ndipo zingati zinabwelela ku msika womwewo.

Ngongole zimene sizichulidwa pamsonkhano

Malipoti a Mkulu Wofufuza za Cuma ca Boma pa makhonsolo amabweleza nkhani zofanana caka ndi caka. Makhonsolo ambili amadula ndalama pa malipilo a anchito koma osazipeleka ku ZRA, ku NAPSA kapena ku thumba la penshoni la LASF. Anthu opuma pa nchito amadikila ndalama zao kwa zaka. Pa CDF, malipoti amachula zitukuko zocedwa, nchito zosalimba, ndalama zokhala m'banki osagwilitsidwa nchito, ndi ngongole za magulu zosabwezedwa.

Ngongole yosalipilidwa imabala cilango, ndipo cilangoco cimadya ndalama zimene zikanagula mankhwala ophela tizilombo m'zitsime. Bajeti yoona mtima imaonetsa poyela kukula kwa ngongole ndi gawo limene lidzalipilidwe caka cimeneco. Imene yangokhala cete pa ngongole yabisa bowo pansi pa mphasa. Kumbukilaninso kuti opuma pa nchito amene akudikilawo ndi makolo athu, ena timakhala nao pa benchi limodzi.

Cifukwa cake caka ca 2026 n'capadela

Zisankho zidzacitika pa 13 Ogasiti 2026. Malinga ndi malamulo oyendetsela dziko, Nyumba ya Malamulo imatsekedwa masiku 90 zisankho zisanacitike, ndipo nthawi ya makhansala imathela pa tsiku lomwelo. Izi zikutanthauza kuti makhansala amene akuvomeleza bajeti ino adzaiyang'anila mpaka pakati pa Meyi cabe. Kucokela pamenepo mpaka atsopano atalumbila, ndalama zidzapitiliza kutuluka popanda oimila anthu okhala pamsonkhano wa khonsolo.

Caka ca zisankho cilinso ndi mayeselo ake. Aliyense amafuna cinthu cooneka coti akaloze pa msonkhano wokopa anthu. Ndalama zimagawidwa m'tizitukuko tambilimbili kuti wadi iliyonse ione maziko okumbidwa, pamene kalasi ya caka catha ikali yopanda denga. Ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada. Bajeti yanzelu m'caka cotele imayamba ndi kutsiliza zimene zinayambidwa.

Tisaiwale mtengo wa kunyalanyaza zinthu zosaoneka bwino pa cithunzi. Mlili wa kolela umene unayamba mu Okutobala 2023 unadwalitsa anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700. Bwalo la Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka mu Febuluwale 2024. Kolela imatsata madzi oipa, zimbudzi zosefukila ndi milu ya zinyalala. Kucotsa zinyalala, kusamala ngalande ndi kuyendela malo ogulitsila zakudya ndi nchito za khonsolo. Mzele wa zinyalala mu bajeti ungaoneke waung'ono, koma kumbuyo kwake kuli miyoyo ya anthu.

Nanga ife tingacite ciani?

Lamulo la maboma aang'ono la 2019 linakhazikitsa komiti ya citukuko m'wadi iliyonse, ndipo zitukuko za CDF zimayenela kuyambila kumeneko. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotseguka kwa anthu. Makhonsolo amaitananso anthu ku misonkhano yokambilana bajeti, koma kawilikawili amapitako ndi anthu owelengeka. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga wa boma linasainidwa mu Disembala 2023, conco kupempha kope la bajeti si kupempha cifundo.

Mukapita, nyamulani mafunso ocepa koma olunjika. Caka catha munati mudzatolela zingati, ndipo munatolela zingati? Pa kwacha iliyonse imene mumatolela nokha, ndi ngwee zingati zimapita ku malipilo ndi misonkhano, ndipo zingati zimapita ku nchito za anthu? Ndi zitukuko ziti za 2024 ndi 2025 zimene sizinathe, ndipo zapatsidwa ndalama zingati? Ngongole ya khonsolo ndi yaikulu motani? Ndi misonkho iti imene ikukwela, ndipo wolipila adzaona kusintha kotani? Pemphani kuti mayankho apelekedwe m'ziwelengelo, ndipo muwalembe kuti caka camawa mukawakumbutse.

Kufunsa kumeneku kuli ndi mbali yake ina imene sitiyenela kuithawa. Amene salipila msonkho wa nyumba, amene amataya zinyalala m'ngalande usiku, amene anatenga ngongole ya CDF n'kumati ndi mphatso ya boma, nayenso akubowola thumba lomwelo. Khonsolo imati sitigwila nchito cifukwa anthu salipila, anthu amati sitilipila cifukwa khonsolo sigwila nchito. Mkangano umenewu udzatha pamene khonsolo idzayamba kuonetsa poyela kumene ndalama zapita, ndipo ife tidzayamba kulipila ndi kutenga lisiti.

Meya kapena wapampando wa khonsolo timamusankha tokha kuyambila mu 2016, ndipo khansala ndi mnansi wathu amene timakumana naye pamsika ndi pamalilo. Bajeti ikasainidwa, mpata woisintha umacepa. Sabata ino funsani khansala wa wadi yanu tsiku limene bajeti idzakambidwa, uzani anzanu awili kapena atatu, ndipo mupite nao.